Ndinaotcha Manachesi a Amayi

Sunthirani kuno, abale. Amene muli kumbuyo uko bwerani, mthunziwu utikwana tonse. Njinga zisiyeni pomwepo, palibe azibe, akuba ake ndife tomwe tili panofe. Eya, sekani! Ine lero ndadzuka mtima ukudumpha, ndiye ndikayamba kuthamanga polankhula wina andikoke malaya.

Dzina langa ndine Layisoni, wa konkuno ku Thambani. Achinyamata mumandidziwa ngati bambo wa nazale ya kumtsinje, uja amagulitsa mbande za manachesi. Akuluakulu mukundikumbukira ngati chidakwa chija chinaotcha munda wa amayi ake dzuwa lili paliwombo. Onse awiriwo ndine, sindikana. Ndipo ndikudziwa kuti pano pali ena amene mmawa uno dzanja linawanjenjemera pogwira kapu ya tiyi. Musabise manja m'thumba, anga ankanjenjemera kuposa anuwo.

Ine chibadwire ndine munthu wa maso. Kusukulu aphunzitsi ankati mutu wanga ndi wouma, ndipo sankanama. Koma chinthu ndikangochiona kamodzi munthu akuchita, manja anga agwira kale. Kupalasa njinga palibe anandiphunzitsa. Kumata chubu, kuwongola limu, kumanga masipoko, zonse ndinkangoima pambali n'kumaonerera. Ngakhale kayendedwe ka munthu, kasekedwe kake, ndinkatha kutengera mpaka anthu kugwa ndi phwete. Amayi ankandiuza kuti, "Iwe Layisoni, maso akowa adzakudyetsa, apo ayi adzakudya." Ine ndinkangoseka.

Amayi anga anali ndi munda wa manachesi, mitengo makumi anayi. Anaidzala bambo atamwalira, madzi akusenza pamutu kuchokera kuchitsime. Mitengo imeneyo ndi imene inatilera ine ndi achemwali anga a Esinati. Koma panali mtengo umodzi, unamera pambali pa chulu, umene unali wosiyana ndi yonse. Khungu la manachesi ake lopyapyala, losenda ndi chala chimodzi, kukoma kwake kosaneneka. Ogula ochokera ku Blantyre akafika ankayamba afunsa kuti, "Amayi, a pachulu aja alipo?" Amayi sankalola munthu wina kuthyola mtengo umenewo. Ankathyola okha.

Nditakula ndinatenga njinga n'kupita kukayendetsa kabaza ku boma. Kumeneko ndi kumene maso anga anapeza chakudya chatsopano. Kufupi ndi boda, pamene mathiraki amaima, panali mkulu wina tinkamutchula kuti a Shefi. Eee, abale, munthu ameneyo! Nsapato yosongoka, magalasi akuda, makiyi akuzungulira pa chala ngakhale galimoto analibe. Madalaivala akatsika ankayamba apereka moni kwa iyeyo. Dizilo wotuluka m'mathanki mwakabisira ankadutsa m'manja mwake. Akafika pamowa, botolo sankatsegula ndi opena ayi, ankatsegula ndi mano, phwa! n'kulavulira chitsekerero patali. Ine pa kabaza panga, thukuta lili kamukamu, ndinati moyo ndi umenewu.

Sabata ziwiri zokha, ndinali nditagula magalasi akuda. Makiyi ndinatola a loko wakufa n'kumawazunguza pa chala. Kayendedwe kanga kanasintha, kayankhulidwe kanasintha. Botolo nanenso ndinayamba kutsegula ndi mano, ndipo taonani dzino ili, ndi limene linalipira sukulu imeneyo. Poyamba ndinkamwa kuti ndifanane ndi a Shefi. Kenako ndinkamwa kuti ndigone. Kenako ndinkamwa kuti ndidzuke. Njinga inapita. Ndinayamba kunyamula zigubu za dizilo wakuba, ndinagonako m'chitokosi masiku anayi, ndipo potuluka sindinapite kukasamba, ndinalunjika kwa amayi ogulitsa kachasu.

A Shefi atadwala, tinapita anthu awiri kukawaona. Aka kanali koyamba kuti ndione kumene amagona. Kachipinda kopanda zenera, makatoni pansi, nsapato yosongoka ija ataiika pa njerwa kuti isanyowe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Ndinatuluka m'menemo n'kukamwa chifukwa cha chisoni.

Uthenga wa maliro a amayi unandipeza ndili chiledzerere. Anandiuza Lachiwiri, ine ndinaumvetsa Lachinayi. Pofika kuno anthu anali atabwerako kumanda, akutsuka mbale. Amayi anga ondibereka sindinawaponyere dothi. Mawu amenewa ndimawanena poyera chifukwa ndikawabisa amandiwawa kwambiri.

Achemwali anga a Esinati sanandithamangitse. Amuna awo anapita ku Joni n'kuiwalako, ana atatu ali pakhomo, ndipo chimene chinkawadyetsa ndi munda uja. Anandipatsa mphasa m'khitchini n'kunena kuti, "Achimwene, khalani pano, mwina mphepo ya kumudzi ikuwongolani." Ine kumwa osasiya.

Mwezi wa Seputembala, udzu utauma, achemwali anandipempha ntchito imodzi yokha. Anati, "Moto wa tchire wayamba kuyenda. Kalambuleni mozungulira munda, musiye mpata woti moto usadumphe." Anandipatsa khasu. Ine khasu ndinaliona kulemera. Ndinakumbukira kuti ndili mwana ndinkaona akuluakulu akutentha udzu m'mphepete mwa minda kuti moto waukulu ukabwera upeze popsa kale. Ndinati aaa, nzeru ndi imeneyi, ndivutikiranji? Chimene sindinachione ndili mwana n'chakuti akuluakulu aja ankatentha mmamawa, mame asanaume, mphepo isanadzuke, ali anthu asanu, aliyense nthambi yaiwisi m'manja. Ine ndinayatsa masana, ndili ndekha, m'manja muli botolo.

Kamvuluvulu anangobwera kamodzi. Moto unadumpha n'kulowa m'munda. Ndinamva mitengo ikulira, thethethe, fungo la makoko a nachesi lili ponseponse. Anthu anathamanga ndi zidebe koma kunali kuchedwa. Pofika madzulo, mitengo imene amayi anaithirira zaka makumi awiri inali zitsa zakuda.

Achemwali anaima pakati pa phulusa, sanalire, sanakuwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi mwawaika kawiri, ndipo kawiri konseko munali mutaledzera. Kuyambira lero phazi lanu lisapondenso m'munda muno." Anatenga mphasa ija n'kuiika panja. Ndinayamba kugona pa khonde la golosale kumsika uko, ndipo iwo anayamba kuyenda maganyu m'midzi ya kwa Nthache kuti ana adye. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Tsopano tamverani. Pa chulu paja udzu unali wochepa, ndiye mtengo wa amayi sunapse wonse. Mbali imodzi inatsala ndi nthambi zobiriwira. Tsiku lina alangizi a zaulimi akudutsa pamsika, ndinawamva akuuza anthu kuti, "Mtengo umenewo musaunyadire, khungwa lapsa kuzungulira thunthu lonse, ukungodya za m'nkhokwe. Mvula isanathe ukhala utauma. Njere zake mukadzala sizibereka zofanana. Njira ndi imodzi yokha, kumezanitsa. Mutenge timaso ta pa nthambi zamoyozo, muike pa mbande za mandimu. Akatswiri ake ndi a Juwawo a kumtsinje."

Ndinadziwa kuti pafupi ndi chitsime, kunja kwa munda, panali mbande za mandimu makumi atatu m'machubu, zimene amayi anafesa asanadwale, ndipo moto sunafikeko. Achemwali anali atataya mtima, ankangoti chapsa chapsa. Ndinati mtengo umenewu ukafa, cha amayi chatha pa dziko, ndipo ine pakhomo paja sindidzabwereranso. Ukapulumuka, mwina nanenso ndipulumuka nawo.

Munthu wanzeru akanapita kwa a Juwawo kukagogoda. Koma ine manyazi, komanso matama. Ndinkafuna ndidzangotulukira kwa achemwali ndi mbande zophuka n'kunena kuti onani, ndachita ndekha. Nanga si ndine munthu wa maso? Ndinapita kumtsinje, kutsidya kwa mpanda wa nazale yawo kunali mtengo wa mango, ndinakwera m'menemo n'kubisala m'masamba.

A Juwawo ndi bambo wamfupi, wa imvi pang'ono, anabwera kuno ali mwana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Masiku atatu ndinawaonerera ndili mu mtengo, nyerere zikundiluma. Ndinaona zonse, kapena nditi ndinkaganiza kuti ndaona zonse. Amakhala pa kampando, mbande pakati pa miyendo. Amatulutsa kabotolo m'thumba la malaya. Amakafikitsa kukamwa. Amawerama. Amacheka, amalowetsa kadiso, amakulunga ndi kapulasitiki. Akachita mbande zingapo, kabotolo kaja kukamwa kachiwiri. Mphepo itatembenuka, fungo linandipeza mu mtengo momwemo. Kachasu! Fungo limenelo ine sindingalisokoneze ndi lina.

Abale, ndinatsala pang'ono kugwa mu mtengo ndi chimwemwe. Ndinati ahaa, chinsinsi chake ndi chimenechi! Katswiri amayamba wakhwasula kuti dzanja likhazikike. Ndiye anthu amandinyozeranji ine? Ntchito iyi anandipangira ine ndithu.

Mmawa wake achemwali atapita ku ganyu, ndinalowa m'munda mozemba, ndinadula nthambi zabwino zonse zimene ndinazifikira. Ndinakhala pachitsime ndi lezala, mapepala a shuga odulidwa, ndi botolo langa. Kumwa kamodzi, kucheka. Kumwa kamodzi, kukulunga. Pofika mbande ya makumi awiri ndinapezeka ndakulunga chala changa pamodzi ndi mtengo. Ndinagona pomwepo ndikudzitama kuti ntchito ndaigwira.

Ndinali nditamva kuti amamasula pakatha sabata zitatu. Ndinawerenga masiku ngati mayi woyembekezera. Tsiku litakwana ndinamasula yoyamba. Kadiso kakuda, kouma. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi, mpaka makumi awiri, zonse zakufa. Ndinayang'ana ku chulu. Nthambi zabwino ndinali nditazitha ine mwini. Inatsala imodzi yokha, kumtunda, ndipo masamba ake anali atayamba chikasu.

Pamenepo ndinalira, abale. Kumaliro a amayi sindinalire, pa moto sindinalire, koma pachitsime paja ndinalira ngati mwana. Safunsa anadya phula. Ndinanyamula mbande imodzi yakufa, botolo lili m'thumba, ndinayenda mpaka kumtsinje, ndipo ulendo uno ndinalowera pachipata.

"Odi, a Juwawo."

Anadzutsa mutu. A Juwawo ndi achibwibwi, mawu amawavuta kutuluka, ndiye salankhula zambiri. Anati, "Ndi-ndiwe wa mu mango uja?"

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Masiku atatu onse aja ankandiona! Ndinawapatsa mbande ija. Anaitembenuza, anakanda kadiso ndi chikhadabo, n'kundipatsa kamtengo kena ndi mpeni. "Ta-tachita mmene unachitira."

Ndinakhala pa kampando kawo. Ndinatulutsa botolo langa, ndinatsegula ndi mano, ndinamwa kamodzi, ndinapukuta pakamwa n'kugwira mpeni.

"Epa!" anakuwa a Juwawo. "Chi-chimenecho n'chiyani?"

"Mmene mumachitira inuyo, bambo. Ndinakuonani."

Anandiyang'ana, anayang'ana botolo, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, akumenya dothi ndi dzanja. Ine ndinaimirira, osadziwa kuti chaseketsa n'chiyani. Atapuma anabwerera pa kampando kawo n'kundikodola. Ndinapita kukaima patsogolo pawo. Anapukusa mutu. "A-ayi. Apo uona msana wa manja. Bwera kuno. Kumbuyo kwa phewa langa."

Ndinazungulira n'kuima kumbuyo kwawo, chibwano changa pafupi ndi phewa lawo lamanja. Ndipo abale, pamenepo ndi pamene ndinaona koyamba.

Dzanja lamanzere linagwira mpeni ndi kansanza. Lamanja linatulutsa kabotolo, kotsekedwa ndi chitsononkho. Anakafikitsa kukamwa, analuma chitsononkhocho n'kuchizula ndi mano, chifukwa manja onse anali otanganidwa. Milomo sinakhudze botolo. Anawerama, anadontheza madontho awiri pa kansanza, n'kupukuta mpeni mbali zonse ziwiri. Anatseka kabotolo n'kukabweza m'thumba. Basi. Kachasu anali wotsukira mpeni, kuti matenda a mtengo wina asalowe pa bala la unzake.

"I-ine mowa sindinaulawepo chibadwire," anatero a Juwawo. "Uyu ndi wa mpeni."

Ndinaganiza za mbande makumi awiri, za nthambi za amayi zimene ndinaziwononga. Maso anga anaona botolo likupita kukamwa, ndipo mutu wa chidakwa unamalizitsa wokha nkhaniyo. Ndinaona chimene ndinkafuna kuona.

Sanandipatse mpata wodzimvera chisoni. Anandigunda ndi chigongono kuti ndiyang'ane. Anacheka khungwa la ndimu mopingasa, kenako motsika, osafika pa mtima wa mtengo. Anatsegula milomo ya khungwalo ndi nsonga ya mpeni, pang'onopang'ono. Anatenga kanthambi ka nachesi, anasenga kadiso kamodzi ndi mpeni ulendo umodzi wokha, osabwereza. Ndipo apa ndi pamene panali chinthu chimene mu mango simungachione ngakhale mutakhalamo chaka. Kadiso kaja sanakagwire ndi zala ku mbali yonyowa. Anakagwira pa kamchira ka tsamba, ngati mmene umagwirira chiwala kuti chisakuthawe. Ine ndinkakagwira paliponse ndi zala za thukuta. Anakalowetsa kadiso kakuyang'ana kumwamba, kamchira kali pansi. Ine theka la timaso tanga ndinaika chadodolido. Pokulunga anayambira pansi kukwera m'mwamba, kuti mvula ikagwa madzi atsetsereke kunja. Ine ndinkayambira paliponse pamene dzanja lagwera.

Anachita zisanu osalankhula liwu limodzi. Ine kupuma komwe ndinaiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akulu sananame.

Kenako anandiuza, mawu akudukaduka, kuti nawonso anaphunzira choncho. Atafika kuno akuthawa nkhondo, Chichewa sankachimva bwino, kufunsa kunkawavuta chifukwa cha chibwibwi, ndiye ankangoima kumbuyo kwa kapitawo wa nazale ina miyezi itatu, mpaka tsiku lina kapitawoyo anawapatsa mpeni.

Ndinawafotokozera za mtengo wa pachulu ndi nthambi imodzi yotsala. Ndinati, "Tiyeni lero lomwe, bambo, chonde." Anati, "Ta-tambasula dzanja." Ndinatambasula. Anathira madzi m'kachitsekerero ka botolo n'kukaika pamsana pa dzanja langa. Madzi onse anatayika ndisanawerenge mpaka zitatu. Anati, "Dzanja ili silikhudza mtengo wa mayi ako. Madzi akadzakhala, tidzapita. Poko-poko." Ndiko kunena kuti pang'onopang'ono, m'chilankhulo cha kwawo.

Botolo langa analanda n'kuliika pa shelefu ya mipeni. Anati litsuka mipeni mwezi wathunthu.

Masiku amene anatsatira sindikunamizani kuti anali okoma. Tsiku lachiwiri thukuta, kusanza, thupi lonse kunjenjemera. A Juwawo anandikweza pa kabaza n'kupita nane kuchipatala chathu chaching'onochi. Adokotala anandiuza kuti munthu amene wamwa kwambiri zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi atha kukomoka, ndiye anandipatsa mankhwala n'kumandiona masiku angapo. Ichi muchigwire, abale, musalimbane nazo nokha m'nyumba, pitani akakuoneni. Nditapezako bwino ndinkagona m'kashedi ka nazale. Mmawa kuthirira, masana kuima kumbuyo kwa phewa, madzulo kuyeserera kucheka pa nthambi zotaya. Tsiku lililonse kachitsekerero pa dzanja, tsiku lililonse madzi pansi. Ndipo tsiku lililonse ndinkadutsa kunja kwa munda kukasuzumira nthambi ija. Masamba ankayoyoka limodzilimodzi.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, madzi anakhala. Anagwedezeka, koma anakhala! Ndinakuwa mpaka amayi ochapa kumtsinje anadzidzimuka. Ndinati tiyeni, achemwali apita ku ganyu, tilowa msangamsanga. A Juwawo anakana. "Mu-munda uli ndi mwini wake. Ine sindilowa ngati mbala."

Kunena zoona, kusanza kuja kunali kopepuka kuposa ulendo wopita kwa achemwali. Tinawapeza madzulo akusenda chinangwa pakhonde, ataonda, mapazi atang'ambika ndi maganyu. Ndinagwada pabwalo. Ndinaulula zonse, kuti ndinalowa mozemba, kuti ndinadula nthambi, kuti ndinapha mbande makumi awiri za amayi. Anati, "Ndinaziona. Ndinangoti wamisala uja wayambanso." Anatembenukira kwa a Juwawo. "Bambo, inu lowani mawa mukadule. Awa aime kunja."

Mmawa a Juwawo anakwera pa chulu n'kudula nthambi yomaliza ija. Anaikulunga m'nsanza yonyowa n'kubwera nayo pachitsime. Ataiyang'anitsitsa anapeza timaso tamoyo khumi, ndipo mbande zotsala zinalinso khumi. Achemwali anaima potero, manja atapinda pachifuwa. A Juwawo anachita yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu, ine ndili kumbuyo kwa phewa. Kenako anaimirira, anapukuta mpeni, n'kundipatsa.

"Iyayi, a Juwawo!" anakuwa achemwali. "Timaso tatsala tisanu tokha padziko lonse lapansi, mukupatsa awa?"

"Ma-mayi, zisanu zanga ndi za mtengo. Zisanu izi ndi za munthu."

Ndinakhala pa kampando. A Juwawo anazungulira n'kuima kumbuyo kwa phewa langa, mpweya wawo ndikuumva m'khosi. Ndinazula chitsononkho ndi mano. Fungo linandimenya m'mphuno, malovu anadzaza m'kamwa, botolo lili apa, pa milomo penipeni. Ndikukuuzani, dziko linaima. Ndinalitsitsa. Madontho awiri pa kansanza. Ndinapukuta mpeni, ndinacheka, ndinagwira kadiso pa kamchira, ndinalowetsa, ndinakulunga kuyambira pansi. Kasanu. Pomaliza malaya anga anali ngati ndagwa mumtsinje.

Sabata zitatu zimenezo ndinazithirira mmawa ndi madzulo, ndipo mbuzi ikayandikira inkaona zakuda. Tsiku lomasula tinakumananso atatu pachitsime. Za a Juwawo zisanu, zonse zobiriwira. Zanga, yoyamba yakuda. Yachiwiri yakuda. Yachitatu ndinamasula maso nditatsinzina. Ndinangomva a Juwawo akuti, "Epa!" Kutsegula maso, kadiso kobiriwira, konenepa, kamchira kaja katagwa kokha! Yachinayi yakuda. Yachisanu yobiriwira! Ziwiri, abale! Ziwiri mwa zisanu, kusukulu kumeneko n'kulephera, koma ine ndinavina pachitsime paja mpaka chidebe chinagubuduka.

Achemwali sanavine nawo. Anawerama, anayang'anitsitsa timaso tiwiri tija nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu lija ndinalikana tsiku la moto. Anati, "Nanga maenje adzikumba okha?" Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo tsiku limenelo ndinalowa m'munda wa amayi masana, anthu akuona. Mtengo wa pachulu unauma mu Januwale, monga ananenera alangizi aja. Tinaudula ine ndi achemwali.

Mwina wina akufunsa kuti ndiye basi, unachira pomwepo? Ayi. Patatha miyezi isanu ndinagwa, pa chinkhoswe cha msuweni wanga. Ndinaona anzanga akukweza mabotolo, dzanja linangotsatira lokha. Mmawa wake ndinapita ku nazale ndikununkha. A Juwawo sanandikalipire. Anandilanda mpeni n'kundipatsa kheni yothiririra, sabata ziwiri zathunthu. Kuwawa kwake kunaposa chikwapu. Kuchokera tsiku limenelo mpaka lero, zaka zinayi, sindinalawenso. Ndiye ukagwa usakabisale, dzuka upite komwe amakudziwa, ukanene wekha.

Ine ndinadzidziwa kuti ndine wotengera, ndipo sindingasinthe. Ndikakhala ndi omwa ndimwa, ndikakhala ndi odzala ndidzala. Choncho chimene ndimasankha ndi poima. Njira ya kuseri kwa msika, ija imadutsa pa amayi a kachasu, ndinaisiya, ndimazungulira ngakhale kuli kutali. Nthawi ya ludzu langa inali folo koloko madzulo, ndiye folo koloko imandipeza ndili ndi kheni m'manja, pakati pa mbande. Pa zisangalalo ndimakhala kumene kwakhala azibambo a tiyi, ndipo akayamba kutulutsa makireti ine ndatsanzika kale. Inunso a kabaza, amene mukusirira uja wa njinga yamoto yonyezimira, musanayambe kuyenda ngati iyeyo pitani kaye kwawo mmamawa, mukaone pamene wagona, mukaone nkhope ya mkazi wake. Ndipo mukapeza munthu wa ntchito yabwino, musakwere mu mango. Nyerere za m'menemo zimaluma, ndakuuzani ine. Gogodani, mupemphe kuima pafupi.

Lero munda uja uli ndi mitengo makumi atatu ndi isanu, yonse ana a mtengo wa pachulu, chifukwa isanu ndi iwiri ija itakula tinatengako timaso tina. Ana a achemwali abwerera kusukulu. A Juwawo maso ayamba kuwavuta, ndiye ntchito zosenga timaso amandisiyira ine, iwo n'kumakhala pambali akundinena kuti ndimathamanga.

Koma chimene chandidzutsa ndi chimwemwe lero ndi ichi. Umodzi mwa iwiri yanga ija unachedwa kubereka, anzake onse anayamba chaka chatha, iwo uli zii. Chaka chino wabereka. Dzulo mmawa ndinapeza nachesi woyamba atapsa, wachikasu, akulendewera pa nthambi ya mmunsi. Dzanja linapita lokha kuti lithyole, koma ndinalibweza. Ndinakaitana achemwali.

Anabwera akupukuta manja pa chitenje. Ndinawauza kuti, "Uwu ndi wa dzanja langa, achemwali. Thyolani ndinu." Ine ndinabwerera m'mbuyo n'kukaima patali. Anathyola. Anaboola khungu ndi chala chachikulu, linangosendeka lokha. Ananunkhiza. Anaika kachidutswa kamodzi m'kamwa, anatafuna, kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo. Mayi uja sanalire pa moto, sanalire pa maganyu, dzulo analira mokweza, akuitana amayi, nachesi ali m'manja. Ine ndili chiimire uko, sindikudziwa ngati ndithawe kapena ndiyandikire.

Atatonthola anapukuta m'maso, anagawa nachesi uja pakati, n'kutambasula dzanja.

"Achimwene, mwaima kutali chotero bwanji? Bwerani mudye. Kumaliro munachedwa, apa musachedwenso."

Ndinapita, abale. Ndinathamanga.